A Harawa ndi Mota ya Mawaya Asanu ndi Atatu

Lero pakwana mwezi chiwaikireni a Harawa m'manda, ndipo aka ndi kachinayi kuyamba tsamba limeneli. Masamba atatu oyamba ndinawang'amba, chifukwa ndinkangobwereza zimene anthu analankhula pa maliro paja: kuti anali munthu wofatsa, wa manja aluso, wosadziwa bodza. Ziwiri zoyambazo ndikuzivomereza. Chachitatucho chinandipeza nditakhala pansi kumbuyo kwa amayi a kutchalitchi, ndipo ndinaweramitsa mutu mpaka wolankhulayo atakhala pansi.

Ngati wina adzawerenge buku langa lino, adziwe kuti ndine Tadala, wa Fomu 4, mtsikana amene pa boma la Rumphi pano amadziwika kuti anasukusitsa mazira makumi asanu ndi limodzi a amayi a ku Hewe. Sindinawasukusitse ine. Kupatula mwini kulakwayo, munthu mmodzi yekha ndiye ankadziwa zimenezi mosakayika, ndipo ndinawadikira chaka chathunthu kuti anene. Ndi amene tinawaika aja.

Kanyumba kawo kogwirira ntchito kali kuseri kwa chigayo, kumunsi kwa msika. Chigayo chikalira tebulo lawo linkanjenjemera, tizitsulo tating'ono n'kumayenda tokha kulowera kumapeto, choncho anakhomera timatabwa kuzungulira tebulo lonse ngati khola. Kwawo kwenikweni kunali ku Hewe. Ali mnyamata ankakonza makina olembera m'maofesi, kenako makina a fotokope, ku Mzuzu ndi ku Joni komwe. Atabwerako ankakonza chilichonse chimene munthu wabwera nacho, kaya wailesi, kaya tochi, kaya nyale ya sola. Ankavala jasi la khaki lofika m'mawondo, la thumba lobowoka ndi moto chifukwa tsiku lina anaikamo chowotcherera chisanazizire. Mita yawo yoyezera magetsi inkakhala m'sokosi. Chinthu chowonongeka ankayamba achinunkhiza asanachitsegule, ndipo kawirikawiri mphuno inkawauza kale pamene pali vuto.

Chimene ankadana nacho koposa chinali kupota mawaya awiri n'kuwakulunga ndi tepi yakuda. Ankati umenewo ndi ukwati wopanda malowolo, wooneka wolimba tsiku loyamba lokha. Iwo mfundo iliyonse ankaiwotcherera ndi mtovu, n'kuiveka kachubu ka valavu ya njinga. Ndi a Chavula, owotcherera zitsulo khomo loyandikana nalo, anakhala miyezi itatu osapatsana moni chifukwa cha tepi yomweyo. A Harawa anawazulira chingwe chokulungakulunga ntchito ili mkati. A Chavula anakalipa kuti chingwe ndi chawo, moyonso ndi wawo, koma a Harawa anangoyankha kuti denga ndi limodzi.

Sankaopa munthu pa nkhani ya ntchito. Bwana wina wa ku maofesi anabwera ndi wailesi ya m'galimoto, akuti yangoleka yokha. A Harawa anaitsegula n'kumuuza, pamaso pa amayi onse odikira ufa, kuti iye mwini analowetsamo mpeni. Bwanayo anachoka osatsanzika. Tsiku limenelo ndi pamene anandiuza mawu amene ndinawalemba pachikuto cha kope langa la fizikisi: kuti munthu anganame, koma waya sanama, chifukwa amasunga chizindikiro cha dzanja lililonse limene lamukhudza.

Ife kwathu ndi ku Dedza. Tinabwera kuno amayi atawasamutsira ku maofesi a boma, ine ndili Fomu 1, Chitumbuka ndikungodziwapo yewo yekha, zikomo wa kuno. M'kanyumba kaja ndinalowamo ndi tochi ya amayi yakufa, ndipo ndinafunsa mafunso ambiri moti anandilozera chitini cha penti kuti ndikhalepo ndizionerera. Atamva kuti ndine wa kwa Phiri anayamba kunditchula NyaPhiri, monga amatchulira amayi akuluakulu a kuno. Ine ndinkawatchula asekuru, ndiye kuti agogo. Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse linkandipeza pa chitini paja.

Mota imene yachititsa zonsezi anaichotsa m'makina a fotokope amene ofesi ina inataya. Si mota wamba yongozungulira ikapatsidwa magetsi. Iyi imayenda mowerenga mapazi, phazi limodzi n'kuima, lina n'kuima, molamulidwa ndi kabolodi kakang'ono kotchedwa dalaiva. Ikaima simasuka ayi. Imagwira zolimba pomwe yaimapo, ndipo imadyabe magetsi. Inali ndi mawaya asanu ndi atatu otulukira pamalo amodzi ngati ndevu za chimanga.

"Mitundu ya mawayawa usaikhulupirire, NyaPhiri," anatero. "Wopanga aliyense amapenta zake. Zunguliza apa."

Ndinazunguliza kachitsulo kapakati ndi zala. Kanali kopepuka. Iwo anagundanitsa nsonga za mawaya awiri.

"Zunguliza tsono."

Kanalimba, ngati wina wakagwira mkati.

"Wamva? Awo ndi mutu ndi mchira wa koyilo imodzi. Amange ndi ulusi, usake ena."

Ndinapeza makoyilo anayi. Anandiuza kuti amagwira ntchito awiriawiri, ndipo pali njira ziwiri zolumikizira awiriwo. M'kalasi timati siriizi ndi paralelo. Iwo anandijambulira pansi ndi msomali, potengera ngalande za m'madimba a kwawo. Pa siriizi, mchira wa koyilo yoyamba umalumikizidwa ku mutu wa yachiwiri: madzi omwewo amathirira dimba loyamba n'kupitirira kukathirira lachiwiri. Madzi ochepa amakwanira, koma amafika mochedwa. Mota yotere imakhala ndi mphamvu ikamayenda pang'onopang'ono, koma ukaithamangitsa imafooka. Pa paralelo, mitu imakhala pamodzi, michira pamodzi: ngalande yagawika pawiri. Madzi amafika msanga, mota imathamanga osafooka, koma pamafunika madzi owirikiza kawiri kuti ikoke katundu yemweyo, ndipo onsewo amadutsa pa chipata chimodzi, chimene ndi dalaiva ija. Anandiwerengetsa mfundo pa chojambulacho. Siriizi inali ndi mfundo ziwiri, paralelo zinayi.

"Nanga yabwino ndi iti, asekuru?"

"Funsa ntchito. Usafunse ine."

Ntchitoyo inabwera ndi NyaGondwe, mtsogoleri wa gulu la amayi oweta nkhuku ku Hewe. Anabwera kudzakonzetsa nyale, n'kudandaula kuti thadzi likayamba kufungatira limaleka kuikira kwa milungu yambiri. A Harawa anati angathe kupanga bokosi lofungatira m'malo mwa thadzi. Batire ndi sola zinali ku kalabu ya sayansi ya kusukulu kwathu, ndiye anagwirizana kuti bokosilo likakhale ku labu. Woyang'anira kalabuyo anali a Msiska, mphunzitsi wathu wa fizikisi, amenenso anakwatira mwana wamkazi wa a Harawa. Kuno mkamwini amamutcha mkweni, ndipo ulemu wa pakati pa iye ndi apongozi ake ndi wolemera. Awiriwa sankadyera pamodzi, sankayang'anana m'maso, ndipo sindinamvepo mmodzi akutchula mnzake dzina.

Bokosilo linali la matabwa, la mababu awiri otenthetsa, ndi thireyi imene mota inkaipendeketsa uku ndi uku monga thadzi limatembenuzira mazira. Mawaya onse anati ndilumikize ine. Ndinafunsa ntchito monga anandiphunzitsira. Mazira safuna kugwedezedwa, batire linali laling'ono, dalaiva inali yofanana ndi chikhadabo cha chala chachikulu. Ndinasankha siriizi. Iwo anaona mfundo zanga ziwiri, anazikoka ndi zala, osanena kanthu, ndipo kwa iwo kumeneko kunali kuyamikira. Pa dalaiva panali kasikuluwu kochepetsera magetsi. Anakatembenuza pang'onopang'ono mpaka atakhutira, n'kudonthezapo penti yofiira kuti kasasunthenso.

Mazira anafika mu Juni. NyaGondwe anawasenza m'beseni la gaga kuchokera kumudzi mpaka ku msewu, kenako anawafukata pamiyendo mu lole ulendo wonse. Dzira lililonse linali ndi chizindikiro cha makala cha mayi amene analipereka: mtanda, kamzere, timadontho tiwiri. NyaGondwe anawaika okha m'thireyi, limodzilimodzi.

Lachinayi la sabata yachiwiri a Msiska anandiitana ku labu. Mawa lake kunkabwera alendo a ku Mzuzu odzaona makalabu a sayansi, ndipo zinkamveka kuti mphunzitsi wa kalabu yochita bwino adzatumizidwa ku maphunziro.

"Tadala, chinthu chakochi chikuyenda ngati bilimankhwe. Alendo adzayesa chafa."

"Mazira amafuna choncho, aphunzitsi."

Anapotokola kabatani ka liwiro. Mota inalira ngati udzudzu, thireyi n'kuima.

"Ili siriizi, aphunzitsi, singathamange. Asekuru anati..."

"Asekuru akowo fizikisi anaiphunzira ku koleji iti? Pita m'kalasi."

Ndinawasiya akusakasaka pa foni yawo.

Lachisanu thireyi ija inkapita uku ndi uku ngati lichero la munthu wopeta. Alendo anawomba m'manja. Ine ndinafotokoza za kutentha ndi za masiku makumi awiri ndi limodzi, ndipo mayi wina mwa alendowo anafunsa dzina langa n'kulilemba m'buku lake. Koma nditatsamiritsa dzanja pa kabokosi ka m'mbali, kokhala mawaya, kanali kotentha ngati ketulo. Ndinawanong'oneza a Msiska. Anayankha akumwetulirabe, milomo yokha ikuyenda, kuti ndisawaphunzitse ntchito pamaso pa alendo. Alendo atachoka anabweza kabatani ka liwiro n'kukhoma labu. Ndikuganiza kuti ankayesa kuti mota ikachedwa ndiye kuti yapuma. Sankadziwa kuti imeneyi imadya ngakhale itaima.

Apa ndiyenera kulemba kulakwa kwanga, poti ndinalonjeza kuti m'buku lino simudzalowa bodza. Kuchoka kusukulu kufika ku chigayo ndi mtunda waufupi. Ndikanathamanga kukawauza asekuru kuti kabokosi kakutentha. Ndinathamangira kunyumba kukauza amayi kuti mlendo walemba dzina langa. Loweruka lake tinapita ku Chitimba ndi kwaya ya sukulu. Kulakwa kwanga ndi kumeneko, ndipo ndakusenza. Koma si kumene anandiimba nako mlandu.

Lolemba fungo linandichingamira pakhomo. Mababu anali ozima. Dalaiva inali itapsa n'kutupa, fyuzi itaduka, ndipo bokosi linakhala lopanda moto masiku awiri, mphepo ya ku Nyika ikulowa pa mawindo osweka a labu. Mazira anali ozizira ngati miyala ya mumtsinje. Ndinatsegula kabokosi ka m'mbali. Mfundo zanga ziwiri za machubu a valavu munalibe. M'malo mwake munali mfundo zinayi zopota, zokulungidwa ndi tepi yakuda. Penti yofiira ija inali yosweka, kasikuluwu katatembenuzidwa mpaka kumapeto. Zonse zinali zoonekeratu: a Msiska analumikiza paralelo kuti ithamange, ataona kuti yafooka anatsegula chipata chonse. A Msiska analowa kumbuyo kwanga, anatseka chivundikiro ndi chikhatho, n'kunena kuti ndisakhudze kanthu.

Sindinachite mantha. Ndinkadziwa kuti asekuru abwera.

Tinakumana Lachitatu mu labu momwemo: ahedi, a Msiska, NyaGondwe, ine, ndi a Harawa amene anaitanidwa ngati katswiri. Anafika atavala jasi lawo, mita ili m'sokosi. Anawerama n'kununkhiza, kenako anatsegula kabokosi. Ndinaona chikhadabo chawo chikukanda tepi ija. Anayang'ana penti yosweka. Anandiyang'ana ine. Mkweni wawo sanamuyang'ane.

"Adada Harawa, chachitika n'chiyani?" anafunsa ahedi.

"Yalumikizidwa paralelo. Dalaiva yaing'ono, magetsi ochuluka. Yapsa."

"Analumikiza ndani?"

"Za mawaya zonse ndi Tadala, bwana," anatero a Msiska. "Alendo omwe anamumva akunena yekha. Ine ndimangoyang'anira."

"Si ine. Asekuru, awuzeni. Ine sindimanga ndi tepi."

Ahedi anandiuza kuti ndikhale chete akulu akamalankhula. Onse anatembenukira kwa a Harawa. Iwo anatulutsa pulayala m'thumba, anadula mfundo zinayi zija imodziimodzi, n'kuziponya m'thumba la jasi, lakumanzere, losabowoka lija. Kenako anatembenukira kwa NyaGondwe, manja ali pamodzi.

"Mwana ndi mwana, amama. Phepani chomene."

NyaGondwe sanakalipe. Anatenga dzira limodzi la timadontho tiwiri, lawo lomwe, n'kuliswa m'mphepete mwa beseni. Munali kamwanapiye kathunthu, ka maso akulu otseka ndi timapiko. Anakayang'ana nthawi yaitali.

"Ife tinapereka masumbi athu kwa munthu wamkulu wa kwathu," anatero, "osati kwa mwana wa sukulu."

Anabweza mazira onse m'beseni la gaga lomwe lija, akuti mayi aliyense akaone lake ndi maso, n'kusenza.

Masumbi ndi mazira m'Chitumbuka. Sabata isanathe ndinali NyaMasumbi, kusukulu, kumsika, ngakhale kwa anyamata a njinga za kabaza amene sindinalankhulepo nawo. Anandichotsa m'kalabu. Kalata itabwera yoitana mwana mmodzi ku chionetsero cha ku Mzuzu, panapita wina. A Msiska anapita ku maphunziro awo n'kubwerako.

Chimene chimandiwawa ndikakumbukira Lachitatu limenelo ndi tsiku lina lakale, ndili Fomu 2. Anandipatsa mawaya awiri kuti ndiwotcherere. Ndinabwereza kakhumi ndi kamodzi, iwo akungodula n'kunena kuti mtovu wakhala ngati chitosi cha nkhuku. Yakhumi ndi chiwiri anaikoka, anaipinda, anaiyang'ana pa dzuwa, kenako anaipachika pa msomali pamwamba pa tebulo. Aliyense wobwera ndi wailesi ankamuonetsa. Ngakhale a Chavula, m'miyezi yosapatsana moni ija, anawaitana pa mpanda kuti aone manja a NyaPhiri, kenako n'kupitiriza kusalankhulana. Munthu ameneyu manja anga ankawadziwa kuposa amayi anga ondibereka.

Loweruka lotsatira msonkhano uja ndinapita kwa iwo. Ndinawapeza akupala kachitsulo ndi tupa. Pa chitini sindinakhalepo.

"Munaiona tepi ija, asekuru."

"Ndinaiona."

"Mukudziwa kuti si ine."

"Nkhumanya. Ndikudziwa."

"Ndiye bwanji?"

Anapala kachitsulo kaja kanthawi, chigayo chikulira kuseri kwa khoma.

"Iwe ndiwe mlendo, NyaPhiri. Mawa amayi ako akawasamutsa, dzina limenelo lidzatsala pa mlatho wa Njakwa, sudzawoloka nalo. Mwana wanga ali ndi ana atatu m'nyumba ya munthu uja. Ndikamuvula pagulu, mkwiyo wake ukathera kwa yani?"

"Munandiuza kuti waya sanama."

"Enya, inde. Waya alibe mkweni."

Ndinadikira kuti anenenso china. Anangofunsa ngati ndingawagwirire tochi, akuti maso ayamba kuwavuta. Ndinatuluka. Loweruka linalo sindinapite, ngakhale linzake. Tikakumana pa msewu ankavula chipewa, chinthu chimene munthu wamkulu sachitira mwana, ine n'kugwada pang'ono monga mwa mwambo, aliyense n'kupitirira. Mawu akuti mlendo aja anandilowa kuposa NyaMasumbi. Zaka zitatu pa chitini chawo, ndipo powerengera a m'nyumba ine ndinali kunja.

Ndayesa kuwamvetsa. Amayi anandiuza kuti ndikadzakula ndidzaona kuti munthu wamkulu amasankha pakati pa zoipa ziwiri, osati pakati pa choipa ndi chabwino. Mwina n'zoona. Koma akanatha kupita kwa ahedi paokha, chitseko chotseka. Akanatha kutuma mawu ku Hewe. Chaka chili ndi masiku ambiri, ndipo tsiku lililonse ndinkaganiza kuti mwina ndi lero.

Mwezi watha mwana wawo, NyaHarawa, mkazi wa a Msiska uja, anabwera kunyumba kwathu khanda lili kumbuyo, kudzanena kuti adada ali ku chipatala ndipo akufunsa za ine. Ndinapita ndi yunifolomu yomwe. Anali atachepa kwambiri, manja okha ndiwo anali omwe aja. A Msiska anaima pa windo atanyamula fulasiki.

"NyaPhiri. Fizikisi ikuyenda?"

"Ikuyenda, asekuru."

Analoza pansi pa pilo. NyaHarawa anatulutsa sokosi ija, mita ili mkati, n'kundipatsa. Ndinalandira ndi manja awiri. Iwo anandigwira pamkono, zolimba, ndipo anatsegula pakamwa. Ndinadikira. Maso awo anapita kwa mwana wawo, kwa khanda, kenako pa windo.

"Dalaiva uziyiika pa kachitsulo kozizira," anatero. "Ngakhale ili siriizi."

"Yewo, asekuru."

Anamwalira patapita masiku atatu.

Dzulo NyaHarawa anandipeza pa msika n'kundipatsa kiyi wa kanyumba kaja. Anati ndikatenge mabuku a zamagetsi ngati ndikuwafuna, chifukwa sabata yamawa amuna awo akukachotsa zonse, akufuna kutsegulamo malo ometera. Ndikufuna kudzaphunzira zamagetsi ndikakhoza mayeso, ndipo ndinalumbira kuti bokosi loyamba limene ndidzapange ndekha ndidzalisenza mpaka pakhomo pa NyaGondwe. Ndiye ndinapita.

Chigayo chinali chitazima. Fumbi la ufa lalowa pansi pa chitseko n'kuyala paliponse, pa tebulo, pa mabotolo a tizitsulo, pa chitini changa chimene chili pomwe ndinachisiya. Jasi la khaki lili pa mpando, mapewa ake akugwa. Pansi pa tebulo ndinapeza bokosi la mazira lija. Sindinkadziwa kuti analitenga kusukulu. Ndinatsegula kabokosi ka m'mbali. Muli dalaiva yatsopano, yomangidwa pa kachidutswa ka poto wakale, ndi dontho la penti yofiira. Mota yalumikizidwanso siriizi, mfundo ziwiri, iliyonse m'kachubu kake ka valavu. Analikonza lonse, koma m'thireyi simunalowenso dzira. Mfundo yanga ya Fomu 2 ikadali pa msomali wake.

Mphepo inakankha chitseko n'kuchitseka, ndipo ndi pamene ndinaona msomali wina kuseri kwake, pamalo amene munthu sangawaone pokhapokha atadzitsekera mkati. Panapachikidwa mfundo zinayi za tepi yakuda, zomangidwa pamodzi ndi ulusi. Pa ulusi womwewo panali kapepala kong'ambidwa ku katoni, koyang'ana kukhoma. Ndinakatembenuza. Analemba ndi pensulo, zilembo zazikulu za munthu wa maso ofooka: SI MANJA A NYAPHIRI.

Ndiye kuti ananena. Anauza khoma.

Ndikanatha kuika zonsezo m'chikwama n'kupita nazo kwa ahedi. Koma panja ndinkamva NyaHarawa akutonthoza khanda, akundidikira kuti ndibweze kiyi, ndipo ndinazindikira kuti asekuru andisiyira mita yawo pamodzi ndi katundu amene iwo anamulephera. Zimenezonso sindinawakhululukire.

Sindinatenge. Ndinachotsa mfundo zija kuseri kwa chitseko n'kuzipachika pa msomali wa pamwamba pa tebulo, pambali pa mfundo yanga ya mtovu, kapepala kakuyang'ana pakhomo. Amene adzabwere kudzachotsa katundu sabata yamawa adzayamba wawerenga zilembo za apongozi ake.

Ndinatenga mabuku awiri n'kukhoma. Ndisanachoke ndinasuzumira pa mng'alu wa windo. Dzuwa linkalowa pa mabowo a misomali a m'denga n'kugwa pa tebulo ngati timadontho ta mtovu. Kuseri chigayo chinayamba kulira. Tebulo linanjenjemera, tizitsulo tinayamba ulendo wawo uja wolowera kumapeto, popanda dzanja lotibweza, ndipo pa msomali paja kapepala kankagwedezeka.